Topper Headon, woyimba ng'oma amene ananyamula The Clash

Pa 20 Meyi 1982 gulu loyimba la ku London la The Clash linali pa chikondwerero cha nyimbo m'tauni ya Lochem ku Netherlands. Kumbuyo kwa anzake atatu, pa mpando wa ng'oma, kunali mnyamata wochepa thupi wa zaka 26, dzina lake Nicholas Headon, koma aliyense ankangomuti Topper. Tsikulo linali lomaliza kuti iye ayimbe ndi gululi. Patangopita masiku ochepa anzake anamuuza kuti ntchito yatha. Chimbale chawo cha Combat Rock chinali chisanathe ndi sabata chitulukireni, ndipo nyimbo ya m'chimbalemo imene inadzawatchukitsa koposa ku America anali ataipeka ndi iyeyo.

Anthu akamakamba za The Clash amayamba ndi Joe Strummer, mwini mawu okhadzula aja ndi ndakatulo zodzudzula olamulira. Kenako amatchula Mick Jones wa gitala, ndi Paul Simonon wa besi amene chithunzi chake akuswa gitala chinafala dziko lonse. Topper amabwera pomaliza, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Ine ndimakhulupirira kuti popanda iye gululi likanatha ngati magulu ambiri a punk (mtundu wa nyimbo za rock zothamanga ndi zaphokoso), amene anatulutsa chimbale chimodzi chaukali kenako n'kusowa pogwira. Ndipo zimene zinamuchitikira atachotsedwa zimandikhudza mtima kuposa nkhani ina iliyonse ya oyimba a nthawi imeneyo.

Anabadwa pa 30 Meyi 1955 ku Bromley, koma anakulira ku Dover, tauni ya padoko kum'mwera chakum'mawa kwa England. Makolo ake anali aphunzitsi. Ali mnyamata ankakonda mpira, mpaka pamene anathyoka mwendo ali ndi zaka pafupifupi 13. Miyezi imene anakhala osathamanga ndi imene inamupatsa ng'oma. Nyimbo zimene anaphunzirirapo zinali za jazz ndi soul, ndipo mmodzi mwa amene ankawasirira anali Billy Cobham, katswiri wa ng'oma za jazz. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa woyimba ng'oma amene wayambira pa jazz amaphunzira kumvetsera anzake, kusiya mpata, ndi kumenya mofewa pamene nyimbo ikufuna kufewa. Atapita ku London anayimbako m'magulu a soul, ndipo anakhalako kanthawi kochepa kwambiri m'kagulu kotchedwa London SS, kamene munali Mick Jones. Kaguluko sikanapite patali, koma awiriwa anadziwana.

Nthawi imeneyo n'kuti Britain ili pa mavuto. Ntchito zinkasowa, mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo achinyamata ambiri a m'mabanja osauka ankaona kuti nyimbo za rock zasanduka za anthu olemera oyimba m'mabwalo akuluakulu, nyimbo imodzi mphindi khumi kapena kuposerapo. Punk inabwera ngati yankho lawo: nyimbo zazifupi, zothamanga, zaphokoso, zoti aliyense wodziwa kugwira makodi atatu pa gitala angathe kuyimba. Ku New York kunali Ramones, ku London kunali Sex Pistols. The Clash inayimba koyamba pagulu pa 4 Julayi 1976 ku Sheffield, ikutsegulira Sex Pistols. Mu Januwale 1977 inasayina mgwirizano wa mapaundi 100,000 ndi kampani ya CBS, ndipo mu Epulo chimbale choyamba chinatuluka. Amene anayimba ng'oma m'chimbale chimenecho anali Terry Chimes, koma pofika nthawiyi anali atanena kale kuti sakufunanso kupitiriza.

Anayesa oyimba ng'oma ambirimbiri osapeza wowakhutiritsa. Kenako Mick Jones anakumananso ndi Headon n'kumuitana kuti adzayese. Headon mwini wake wanenapo kangapo kuti poyamba nyimbo za punk sankaziwerengera kwenikweni. Maganizo ake anali oti akhale m'gululi chaka chimodzi, dzina lake limveke, kenako akafune gulu la oyimba "enieni". Dzina loti Topper anamupatsa ndi Paul Simonon, amene ankati nkhope yake ikufanana ndi kanyani kena ka m'magazini ya zithunzi ya ana yotchedwa The Topper. Chaka chimodzi chija chinasanduka zaka zisanu.

Kuti timvetse chimene anabweretsa, tiyenera kuganizira ntchito ya woyimba ng'oma mu punk. Nthawi zambiri ntchito yake ndi kuthamanga basi: phazi lamanja pa ng'oma yaikulu, dzanja lamanzere pa kang'oma kolira mokhadzula kaja, dzanja lamanja likuwaza timbale tachitsulo mosalekeza. Zimafuna mphamvu ndi mpweya, ndipo si zopeputsa. Koma gulu limene woyimba ng'oma wake amangodziwa zimenezi limakhala ndi msewu umodzi wokha. Ena mwa anyamata a The Clash anakulira pakati pa anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean, makamaka Simonon amene anakulira ku Brixton ndi Ladbroke Grove, ndipo mitima yawo inali pa reggae. Ife amene takulira ndi reggae m'makutu tikudziwa kuti ng'oma zake zimalimba chifukwa cha malo amene woyimbayo wasiya osamenya. Kugunda koyamba kumakhala chete, kulemera konse kumagwera pa kugunda kwachitatu. Munthu wozolowera kuthamanga amaona mpata umenewo ngati dzenje loti alikwirire, ndipo akatero nyimboyo yafa. Topper ankatha kudikira. Ankathanso kuchoka pa reggae kulowa mu rock m'kati mwa nyimbo imodzi popanda womvera kumva msoko.

Nyimbo yoyamba imene anajambula ndi gululi inali Complete Control mu 1977, ndipo amene anawathandiza kuijambula anali Lee "Scratch" Perry wa ku Jamaica. Chaka chotsatira anatulutsa White Man in Hammersmith Palais, nyimbo imene inaonetsa poyera kuti gulu la punk lingathe kupeka reggae yakeyake m'malo mongobwereza ya eni ake. Pa 30 Epulo chaka chomwecho anayimba ku Victoria Park pa msonkhano waukulu wolimbana ndi tsankho la mitundu wa Rock Against Racism, pa nthawi imene chipani chosankha mitundu cha National Front chinkakopa achinyamata achizungu. Chimbale chachiwiri, Give 'Em Enough Rope, anachijambula ndi Sandy Pearlman wa ku America, munthu wovuta kumukhutiritsa amene ankabwerezetsa oyimba mpaka kutopa. Pearlman yemweyo ndi amene anamutcha Topper makina a ng'oma okhala ndi thupi la munthu, chifukwa sankaphonya nthawi. Anali mnyamatabe wopulupudza: mu 1978 momwemo iye ndi Simonon anamangidwa atawombera nkhunda za mpikisano za munthu wina ndi mfuti ya mpweya ali padenga la nyumba imene ankakonzekereramo nyimbo ku Camden.

Chaka cha 1979 ndi chimene ndimabwererako kawirikawiri. Gululi linali litasiyana ndi manijala wawo Bernie Rhodes, ndalama zinali zochepa, ndipo anapeza chipinda chokonzekerera nyimbo ku Pimlico, pa garaja ina. Kumeneko anakhala miyezi akuyimba tsiku ndi tsiku, akatopa n'kupita kukasewera mpira pabwalo lapafupi. Atamaliza analowa mu situdiyo ya Wessex ndi Guy Stevens, amene anatsogolera ntchito yojambula, ndipo chimene chinatuluka mu Disembala 1979 ndi London Calling, chimbale cha nyimbo 19. Mvetserani chimbale chimenechi khutu lanu mutaliika pa ng'oma zokha, ndipo mumva zachilendo. Nyimbo yotsegulira ikuguba molemera ngati asilikali. Ina ikuyenda mwa jazz ya m'mabala a usiku, ina ndi ska, ina ndi rockabilly ya m'ma 1950, ina ndi reggae yozama yonyamulidwa ndi besi ya Simonon, ina ili ndi kayendedwe kopepuka ngati ka disco. Munthu mmodzi ndi amene akumenya zonsezi, ndipo palibe pamene akumveka ngati mlendo. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti sadzionetsera. Sasokoneza mawu a woyimba ndi kugubuduza ng'oma kosafunika. Amayika kugunda kumodzi pamalo pake, ndipo nyimbo yonse imaima bwino. Nyimbo yomaliza, Train in Vain, anaiwonjezera mochedwa moti dzina lake silinalembedwe pa chikuto, koma kamenyedwe kake ka ng'oma n'kokoma kotero kuti patapita zaka zoposa 15 gulu la Garbage linakatenga n'kumangirapo nyimbo yawo. Magazini ya Rolling Stone inadzasankha London Calling kukhala chimbale chopambana cha zaka za m'ma 1980, poti ku America chinatuluka mu Januwale 1980.

Atatero anaona kuti palibe mtundu wa nyimbo umene sangaukhudze. Sandinista! cha mu 1980 chinali ndi nyimbo 36 pa mbale zitatu. Munali dub, mtundu wina wa reggae, imene anapanga ndi Mikey Dread wa ku Jamaica, munali gospel, calypso, funk, ndiponso rap imene anaimva m'misewu ya New York. Ena amati chimbalechi chinatalika mopyola muyeso, ndipo sindikutsutsa kwenikweni. Koma gulu limene zaka zitatu m'mbuyomo linkayimba nyimbo za mphindi ziwiri silikanayerekeza n'komwe zoterezi likanakhala ndi woyimba ng'oma wamba. Topper anayimbamonso ndi mawu ake nyimbo imodzi. Mu Meyi ndi Juni 1981 anayimba maulendo 17 pa malo otchedwa Bond's ku Times Square, ndipo pakati pa owatsegulira panali Grandmaster Flash and the Furious Five.

Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika. M'zaka zomwezi Topper anali atalowa m'mankhwala ozunguza bongo, ndipo pofika 1981 heroin inali itamugwira. Kumapeto kwa chaka chimenecho anagwidwa nayo pa bwalo la ndege la Heathrow. Anayamba kuchedwa, kusowa, kudwala, kuwononga zipinda za m'mahotela. Pa gulu lina lililonse izi zikanakhala zoipa, koma pa The Clash zinali zopweteka kawiri, popeza Strummer ankayimba nyimbo zodzudzula heroin pamene mnzake kumbuyo kwake ikumudya. Pali chinthu china chimene anthu osayimba sachiganizira. Woyimba gitala akadwala, nyimbo ikhoza kukwawa mpaka kumapeto. Woyimba ng'oma akagwedezeka, onse amagwa pamodzi, pamaso pa anthu masauzande. Strummer ankadalira Topper ndi thupi lake lonse, chifukwa kayimbidwe kake ka gitala kanali komenya ngati ng'oma, ndipo phazi lake lamanzere linkagunda pansi motsatira mnzakeyo.

Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwa matenda amenewa ndi mmene anapangira ntchito yake yodziwika koposa. Gululi likujambula Combat Rock mu situdiyo ya Electric Lady ku New York, tsiku lina Topper anapezeka ali yekha ndi wojambula, anzake asanafike. Anali ndi kanyimbo kena ka pa piyano kamene anakhala akukaseweretsa kwa nthawi yaitali. Anakhala pa ng'oma n'kujambula, osamva chida china chilichonse koma nyimbo ya m'mutu mwake. Anapita pa piyano n'kuyika pamwamba pake. Anatenga besi n'kuyikanso. Anzake pofika anapeza nyimbo yatsala pang'ono kutha. Strummer anakana mawu amene Topper analemba, n'kulemba ake, Jones n'kuwonjezera gitala, ndipo inakhala Rock the Casbah. Taganizani luso limene likufunika kuti munthu amenye ng'oma za nyimbo yonse, ndi malo onse opumira ndi osinthira, pamene zida zina sizinajambulidwe. Uyu ndi munthu yemwe anzake ankamuona kuti watha.

Nyimboyi inafika pa nambala 8 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard ku America, ndipo palibe nyimbo ina ya The Clash imene inakwera chotero kumeneko. Koma pa vidiyo yake, imene anakajambulira ku Austin m'chigawo cha Texas, amene wakhala pa ng'oma ndi Terry Chimes, amene anamuitananso kuti adzatseke mpatawo. Mwini nyimbo ankaionera pa wailesi ya kanema ngati wina aliyense. Mu Okutobala 1982 gululi linayimba pa bwalo la Shea Stadium ku New York likutsegulira The Who, iye kulibe.

Kodi analakwa kumuchotsa? Funso limeneli ndalisinkhasinkha kwambiri, ndipo sindikufuna kuliyankha mopepuka. Aliyense amene anakhalapo ndi m'bale wake wogwidwa ndi mowa kapena mankhwala akudziwa kutopa kwake: malonjezo osakwaniritsidwa, mabodza, mantha oti tsiku lina mudzamupeza atauma. Anzake a Topper anali anyamata a zaka zosakwana 30, otopa ndi maulendo, okangana okhaokha, ndipo anali ndi ulendo waukulu wa ku America patsogolo pawo. Mwini wakeyo sanawaimbe mlandu pa zimene wakhala akunena pambuyo pake. Amati iye ndi amene anawakhumudwitsa, ndipo anapepesa poyera. Komabe ine mtima wanga umakana kuvomereza kuti panalibe njira ina. Gulu limene linkayimba za anthu otayidwa ndi dziko likanatha kuima miyezi ingapo, kapena kubwereka woyimba ng'oma wina kwa kanthawi, mnzawoyo akulandira thandizo, mpando wake ukumudikira. Chimene chinkamudzutsa m'mawa ndi ng'oma. Atamulanda chimenecho, anatsala ndi ndalama, nthawi yambiri, ndi heroin.

Gululo silinachire. Chimes anachokanso, Mick Jones anachotsedwa mu 1983, ndipo chimbale chomaliza, Cut the Crap cha mu 1985, chinadzaza ndi makina oyimba ng'oma ngakhale kuti gululi linali ndi woyimba ng'oma waluso, Pete Howard. Chimbalecho anthu sanachilandire, ndipo pofika 1986 The Clash inali itatha. Patapita zaka, mu filimu ya mbiri ya gululi imene anakonza Don Letts, Strummer anavomera kuti kuchotsa Topper ndi kumene kunayambitsa mapeto, ndipo ankabwereza kawirikawiri mfundo yoti ubwino wa gulu loyimba sungapose ubwino wa woyimba ng'oma wake.

Topper anayesa kuimanso payekha. Mu 1986 anatulutsa chimbale chake, Waking Up, cha nyimbo za soul ndi jazz zokhala ndi malipenga, zimene ankazikonda kuyambira ku Dover. Sichinagulidwe kwenikweni. Mu 1987 khoti linamulamula kukhala m'ndende miyezi 15 pa mlandu wopatsa munthu wina heroin. Atatuluka anayendetsako takisi mu London kuti apeze ndalama ya mankhwala. Zitafika poipa ankakhala m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka akumenya ting'oma tam'manja kuti odutsa amuponyere makobidi, ndipo ena mwa odutsawo ankamuzindikira. Anagonako m'nyumba zosungira anthu opanda pokhala. Anadwala matenda a chiwindi a hepatitis C. M'zaka zomwezi nyimbo zimene anayimba zinkapitiriza kugulidwa: mu 1991 Should I Stay or Should I Go inafika pa nambala 1 ku Britain itagwiritsidwa ntchito potsatsa mathalauza a Levi's, ndipo mu 1999 Will Smith anamanga nyimbo yake pa piyano ija ya ku Electric Lady. Zaka zoposa 20 za moyo wake zinapita motero, akulowa ndi kutuluka m'malo othandizira anthu kusiya mankhwala. Ndikaganiza za nyimbo zimene manja amenewo akanayimba pa zaka zimenezo, ndimamva chisoni chenicheni.

Kumapeto kwa 2002 panali chiyembekezo choti anayiwa angakhalenso pa nsanja imodzi, popeza gululi linasankhidwa kulowa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo a ku America olemekezera akatswiri a nyimbo za rock. Mu Novembala chaka chimenecho Jones anakwera pa nsanja n'kuyimba ndi Strummer ku Acton Town Hall, pa dansi yothandiza ozimitsa moto amene ankanyanyala ntchito. Koma pa 22 Disembala Strummer anamwalira mwadzidzidzi ndi vuto la mtima limene anabadwa nalo, ali ndi zaka 50. Pa mwambo wa mu Malichi 2003 Topper sanapezekepo. Anthu ambiri amene ankadziwa gululi ankaganiza kuti woyamba kupita adzakhala iyeyo, ndipo amene anapita ndi uja anamuchotsa n'kumadzanong'oneza bondo.

Cha m'ma 2004, ali pafupi ndi zaka 50, anasiya mankhwala ndipo ulendo uno zinatheka. Anabwerera kwawo ku Dover. Analandira mankhwala a chiwindi n'kuchira, ndipo anayamba kuyankhula poyera m'malo mwa bungwe la Hepatitis C Trust, kulimbikitsa anthu kuti akayezetse. Msana wake unapindika, koma manja anali akadalipo. Mu Januwale 2008 anakwera pa nsanja kumadzulo kwa London ndi gulu la Mick Jones la Carbon/Silicon, koyamba kuti awiriwa ayimbire limodzi pagulu patatha zaka zoposa 25. Chaka chotsatira iye, Jones ndi woyimba wina Billy Bragg anajambulanso nyimbo ina yakale ya The Clash pothandiza ntchito yopereka magitala kwa akaidi, ndipo ena mwa amene anayimba nawo anali anthu otuluka kundende. Pa atatuwo, Topper yekha ndi amene anadziwa kugona miyezi m'kati mwa mpanda wa ndende.

Sanabwererenso ku moyo wa maulendo ndi mabwalo akuluakulu. Nthawi zina amayimba pa zochitika zothandiza anthu kwawoko, ndipo akafunsidwa za kale amayankha mosabisa, osadzikometsera. Kamenyedwe kake kakupitirizabe kuyenda m'nyimbo za ena: mu 2007 woyimba wotchedwa M.I.A. anatenga chiyambi cha Straight to Hell, ya m'chimbale chomwe chija cha Combat Rock, n'kupangira nyimbo imene inamveka m'mawailesi a dziko lonse, ndipo pa mndandanda wa olemba nyimboyo pali dzina la Headon pamodzi ndi a Strummer, Jones ndi Simonon.